Machila Awiri pa Phiri la Mulanje

Msana wanga ndi umene unayambitsa nkhani yonseyi. Ndinali nditasiya kukwera mapiri kwa zaka 8, osati chifukwa choti miyendo inakana ayi, koma chifukwa cha usiku. Masana ndinkayenda bwinobwino, ena n'kumandisirira, koma ndikangogona pansi pa mkeka, m'mawa ndinkadzuka nditauma ngati chikuni. Kuwerama kuti ndimange nsapato inkakhala ntchito yoyamba ya tsikulo, ndipo nthawi zina yomaliza.

Mwana wanga wamwamuna sankazimvetsa zimenezi. Nthawi zonse tikamadutsa msewu wa Midima kukayera bwino, phiri la Mulanje litaima uko ngati khoma, ankandifunsa funso lomwelomwelo: "Adadi, tidzakwera liti?" Ine n'kumati chaka chamawa. Tsono chaka chatha anakwanitsa zaka 15, ndipo tinali titagwirizana kale kuti apite kusukulu yogonera komweko. Ndinazindikira kuti zaka zamawa zandithera.

Iyeyo ndi amene anapeza njira. Tsiku lina anabwera kuchokera ku kaunjika ku Limbe ndi kathumba kobiriwira kakakulu ngati papaya. Wogulitsayo ankayesa ndi katani. Titakafunyulula tinapeza nsalu yaitali, yopyapyala, yoterera, yokwinyidwa kunsonga zonse ziwiri, ili ndi zingwe zake. Anali machila ogonamo omangirira pa mitengo, aja achinyamata amati hamoki. "Simugonanso pansi, adadi," iye anatero.

Dzina loti hamoki linachokera kutali. Anthu a mtundu wa Taíno a kuzilumba za Caribbean ankati hamaca, ndipo amalinyero a Columbus anawapeza akugona m'zoterezi mu 1492. Koma ine ndimangoti machila, chifukwa ndi mawu amene ndinakula nawo. Agogo anga aamuna ananyamulapo machila ali mnyamata, nthawi ya atsamunda. Ankasimba za nsalu yolimba yomangidwa ku mtengo wautali wansungwi, mzungu atagona m'kati, amuna akuthamanga naye mosinthana phewa. Ankatha nkhaniyo ndi kuseka, amvekere iwo ananyamula machila mitunda yosawerengeka koma sanalawepo kugonamo. Atamwalira, mawuwa ndinkangowamva kuchipatala, ponyamula odwala. N'chifukwa chake akazi anga atationa tikumangirira nsaluyo pa mitengo iwiri ya mango kuseli kwa nyumba, anangoti, "Bambo a mwana, mwayamba kuyeserera kudwala?"

Ndinagonamo ola limodzi. Poyamba zinali zokoma zedi, ngati wakhala pa madzi. Kenako ndinapindika ngati nthochi, matako pansi, mutu ndi mapazi m'mwamba, mapewa atapanikizika. Podzuka msana unandikumbutsa kuti ulipo. Vuto linali pawiri. Machilawo anali aafupi, mamita 2.7 okha, pamene ine ndine wamtali mamita 1.8. Komanso nsaluyo inkatamuka kwambiri pansi pa makilogalamu anga 88. Pa kansalu kosokedwa m'mphepete panalembedwa kuti ndi nayiloni, ndi nambala yakuti 70D. Mwana wanga, amene sakwana makilogalamu 55, ankagonamo ngati mfumu. Tinagwirizana kuti amenewo akhale ake, ine ndikasoketse anga.

Atelala amene ndinapitako ndi bambo achikulire amene akhala pa khonde la sitolo ina ku Limbe kuyambira ndili mnyamata, ndi makina awo opalasa ndi phazi. Anamvetsera nkhani yanga osaseka, zomwe ndinawathokoza nazo mumtima. Kenako anatenga machesi, nasolola timaulusi kumphepete kwa machila a mwana wanga, n'kutiyatsa. Tinasungunuka, tikuthawa moto, utsi wake woyererako, n'kusiya kampira kolimba kotuwa. Anatenganso kachidutswa ka nsalu ina imene amaikira m'kati mwa majekete. Imeneyi inatulutsa utsi wakuda wa fungo lotsekemera, n'kusiya kampira kakuda.

"Iyi ndi nayiloni, iyi ndi poliyesita," anatero. "Wogulitsa akhoza kukunamizani, achimwene, koma machesi ayi. Poliyesita ndi terelini yemwe uja tinkasokera mabuluku kale. Mukukumbukira mmene ankakanira makwinya?"

Ndinkakumbukira. Bambo anga anali ndi buluku la terelini limene linatha zaka mpata wake wosita usanafufutike. Nsalu ziwirizi ndi zapachibale, zonse zimachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo zinabadwa motsatizana. Nayiloni inapangidwa mu 1935 ndi gulu la Wallace Carothers ku kampani ya DuPont ku America, ndipo nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inalowa m'malo mwa silika popanga maparachuti. Poliyesita anaitulukira John Rex Whinfield ndi James Tennant Dickson mu 1941, ndipo ku Britain inagulitsidwa ndi dzina lakuti Terylene, kumene kunachokera terelini wathu uja. Koma khalidwe lawo ndi losiyana. Ulusi wa nayiloni umatamuka n'kubwerera, ndipo n'chifukwa chake umapirira kukokedwa mwadzidzidzi komanso kukhuzika pa miyala. Wa poliyesita ndi wouma mtima: sutamuka kwenikweni, sukonda madzi, ndipo dzuwa siliufoola msanga.

Nambala ija ya 70D nayonso ili ndi tanthauzo. D akuimira denier, muyeso wa kunenepa kwa ulusi. Ulusi wa 70D ndi umene ukautambasula mamita 9,000 umalemera magalamu 70. Nambala ikatsika, monga 40D kapena 20D, nsalu imapepuka komanso imapyapyala, ndipo munthu wolemera ngati ine amayenera kuikayikira. Nsalu zina mukaziyang'anitsitsa zimakhala ndi timabokosi ting'onoting'ono ta ulusi wonenepa. Imeneyo ndi ripstop, yolukidwa kuti pakang'ambika pang'ono, kung'ambikako kukaime pa ulusi wonenepawo. Ife ripstop sitinaipeze. Tinapeza poliyesita wamba wolukidwa mothithikana, wa mulifupi masentimita 150.

Atelala anaukoka m'manja, nauyang'ana padzuwa, n'kupukusa mutu. "Umodzi wokha sindingakugonekenipo. Nayiloni imachenjeza isanaduke, imayamba yatamuka. Uyu amangoti phwa! Tisanjikiza ziwiri." Tinagula mamita 7. Anasoka machila a mamita 3.3 a nsalu ziwiri zosanjikizana, mipendero ya kunsonga anaibwereza katatu ndi ulusi wa poliyesita, ndipo mbali imodzi anasiya mpata wolowa mkono. Mpata umenewu anausiya pofuna kuti tizitembenuzira pochapa. Sitinadziwe kuti ndi umene udzakhale wofunika kuposa china chilichonse pa ulendowu. Pa sikelo ya kukhitchini, anga analemera magalamu pafupifupi 700, a mwana wanga 400 ndi zingwe zomwe. Zomangirira zanga ndinadula ku malamba aja omangira katundu pa galimoto, a mulifupi masentimita 2.5, amenenso ndi a poliyesita.

Tinanyamuka m'mwezi wa July, sukulu zitangotsekera. Minibasi inatitsitsa pa Chitakale, pamene minda ya tiyi imafika mpaka m'tsinde mwa phiri, yobiriwira ngakhale nthawi imene dziko lonse lauma. Tinagula zinanazi ndi nthochi, n'kukwera njinga zamoto za kabaza kulowera ku Likhubula, mtunda wa makilomita ngati 10 pa msewu wa ku Phalombe. Ku Likhubula kuli ofesi ya zankhalango kumene munthu amalembetsa asanakwere, ndipo n'komwenso amapeza omuperekeza ndi onyamula katundu. Ife tinatenga mnyamata mmodzi wa komweko, wosalankhulalankhula, amene anayang'ana timatumba tathu ta machila kwa kanthawi n'kungoti, "Chabwino, madala."

Usiku woyamba tinagona m'munsi momwemo, m'nkhalango ya misuku ndi miombo, mtsinje wa Likhubula ukusokosera chapafupi. Apa mpamene ndinagwiritsa ntchito zimene ndinaphunzira pa mitengo ya mango ija. Anthu ambiri akamamanga machila koyamba amafuna kuwakoka kuti awongoke ngati bedi. Kumeneko n'kulakwitsa, ndipo n'koopsa. Lamba azitsika kuchokera ku mtengo mopendekeka madigiri pafupifupi 30. Akatero, lamba aliyense amasenza mphamvu yofanana ndi kulemera kwa thupi lanu. Mukakokitsa mpaka madigiri 10, mphamvuyo imachuluka pafupifupi katatu, ndiye kuti ine wa makilogalamu 88 ndikukoka mtengo uliwonse ngati matumba asanu a chimanga. Nsalu, msoko, ngakhale mtengo womwe ukhoza kugonja. Njira yophweka yoyezera ndi dzanja: tambasulani chala cholozera mowongoka, chala chachikulu chiloze kumwamba, ndipo lamba adutse pa nsonga za zala ziwirizo. Machila alendewere ngati kumwetulira, pokhalira pakhale masentimita ngati 45 kuchokera pansi, msinkhu wa mpando. Ndiye pogona musatsate mzere wa pakati. Gonani mopingasa pang'ono, mutu mbali iyi, mapazi mbali inayo. Thupi limawongoka lokha, nthochi ija n'kutha.

Usiku umenewo kunali kouma, nyenyezi zili ngwee pakati pa masamba. Kunena chilungamo, machila a mwana wanga ndi amene ankasangalatsa. Nayiloni ndi yofewa pakhungu, imalandira thupi mmene lilili, ndipo sichita phokoso. Anga anali olimba ngati thabwa lokutidwa ndi nsalu, ndipo ndikatembenuka ankalira tsekeretsekere, mpaka mwanayo anafunsa ngati ndikudya mabisiketi mobisa. Koma m'mawa ndinatsitsa miyendo, n'kuimirira, n'kuwerama kumanga nsapato. Ndinamanga zonse ziwiri ndisanakumbukire kuti ndili ndi msana. Kulimba kumene kunkandinyansa usiku n'kumene kunandigwira chiuno kuti chisamire. Sindine dokotala, ndipo misana imasiyana. Wina amene ali ndi vuto lalikulu ayambe wafunsa kuchipatala, ayesenso kunyumba masiku angapo. Ine ndikungonena za wanga.

Tinakwera kudzera njira ya Chapaluka yopita ku Chambe. Imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi amagwa kuchokera pa thanthwe kulowa m'dziwe lozizira moti ukaviika phazi umalimva m'mano. Kuchoka apo njira imayamba kuimirira. Ndinkapuma pafupipafupi monamizira kuti ndikuonetsa mwana malo. Kumanzere kunali khoma la Chambe, thanthwe limodzi lotuwa losalala lokwera mpaka khosi kuwawa. M'zigwembe zina munali zipsera za matope ndi miyala zimene zinatsika nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Wotiperekeza uja analoza chimodzi ndi ndodo yake, sananene kanthu, ifenso sitinafunse.

Titafika pamwamba dziko linatseguka: udzu wofiirira, timitsinje toyera, nsonga za miyala mbali zonse. Mitengo inali yochepa. Chigwa cha Chambe kale chinali ndi nkhalango yodzala ya paini, koma yambiri inadulidwa, ndipo mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene kwawo kwenikweni ndi phiri lomweli, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. Mwana wanga anaona timitengo tiwiri tobiriwira totalikirana bwino, n'kuyamba kumasula chingwe. Wotiperekeza analankhula mawu ambiri kuposa tsiku lonselo. "Iyayi, aise, imeneyo ndi mikungudza yodzala. Chingwe chakocho chidula khungwa." Ankanena zoona. Chakudya cha mtengo chimayenda m'kati mwenimweni mwa khungwa, ndipo aliyense amene anaonapo mtengo wosendedwa kuzungulira thunthu amadziwa mathero ake. Chingwe chowonda chokokedwa ndi thupi la munthu usiku wonse chimachita zomwezo pang'onopang'ono. Lamba wotambalala amagawa mphamvuyo. Tinakapeza mitengo ya paini yokhwima chakumtsinje, ndipo pansi pa zingwe za mwanayo tinaikapo timitengo touma kuti zisalume khungwa.

Pafupi pomwepo panali nyumba ya matabwa ya alendo, imodzi mwa nyumba zingapo zotere paphiripo, yokhala ndi mlonda wake ndi malo osonkhapo moto. Chakumadzulo wotiperekeza anayang'ana kum'mwera chakum'mawa, kumene mitambo inkadzaza zigwa ngati thonje. "Madala, kukubwera chiperoni. Bwanji mugone m'nyumba?" Ndinakana. Ndinali nditakoma mtima ndi usiku wa dzulo lake, ndipo ndinkafuna kuona kuti nsalu ziwirizi zichita bwanji pa chinyezi. Ndinamanga lona pamwamba pa machila onse awiri, n'kuganiza kuti ndathana nazo. Mlandu wa zimene zinatsatira ndi wanga ndekha.

Chiperoni si mvula yeniyeni. Ndi nkhungu yonyowa, ya mawawa osalekeza, yobwera ndi mphepo yozizira kuchokera ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone limene linapereka dzinali. Sichigwa kuchokera kumwamba kokha ayi, chimayenda chopingasa, n'kulowa pansi pa lona ngati mwini nyumba. Onjezani kuti mukakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo. Amene anazolowera June wa ku Blantyre asaganize kuti akudziwa chisanu cha pa Mulanje.

Ine ndinali nditalowetsa kamatiresi kanga kopyapyala ka siponji mu mpata uja atelala anasiya, pakati pa nsalu ziwiri. Ndinachita izi poganizira msana, osati chisanu. Mwana wanga anangolowa m'thumba lake logonamo, atavala juzi. Tinacheza pang'ono mumdima, kenako ndinagona.

Chinandidzutsa ndi phokoso laling'ono ngati la mbewa ikukukuta chimanga. Anali mano ake. Nditayatsa tochi ndinapeza machila ake atatsika mpaka kukhudza udzu wonyowa. Madzulo tinawasiya pa msinkhu wa mpando. Thumba lake logonamo linali litanyowa kumsana konse, iye akunjenjemera thupi lonse. Nditamufunsa chifukwa chimene sanandidzutsire, anayankha mawu okokakoka, ngati munthu wa tulo, kuti sanafune kuti ndinene kuti tibwerere. Nthawi inali itadutsa 1 koloko.

Ndinamudzutsa, n'kumukolowekera paphewa mpaka kunyumba ija. Alonda anatsegula osafunsa mafunso, anakoleza moto, wotiperekeza n'kutereka madzi. Tinamuvula zonyowa zonse, tinamuveka zouma, tinamufunditsa mabulangeti mpaka kumutu, ndipo atayamba kugwira kapu yekha tinamupatsa phala lotentha la shuga. Panapita pafupifupi ola kuti kunjenjemera kuleke. Wotiperekeza sanandikumbutse zimene ananena madzulo. Ndikadakonda akadandikumbutsa.

Makolo amene mumatumiza ana kumisasa ya m'tchire, izi muzidziwe. Thupi likazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 35, munthu amakhala pangozi, ndipo sipafunika madzi oundana kuti zimenezi zichitike. Chinyezi ndi mphepo n'zokwanira. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera kosaletseka, kulankhula mokokakoka, manja kulephera kugwira zinthu, kusokonezeka maganizo ndi kuwodzera. Kunjenjemera kukaleka munthu asanafunde, zinthu zafika poipa, ndipo afunika chipatala msanga. Osamukhuta miyendo ndi manja mwamphamvu, osamuyandikiza kwambiri ku moto. Choyamba n'kuchotsa zonyowa ndi kufunditsa chifuwa, khosi ndi mutu.

Kutacha ndinapita kukayang'ana machila aja ngati wapolisi pa malo a ngozi. Anga anali atatsika mwina zala ziwiri zokha. Madzi anali atangokhala pamwamba timadontho, ndipo nditakutumula anagwa. A mwanayo anali olemera, ozizira, ofewa ngati chikopa chonyowa. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake. Nayiloni imamwa chinyezi m'kati mwa ulusi weniweniwo, magalamu pafupifupi 4 pa magalamu 100 alionse ngakhale pa tsiku wamba, ndipo kukanyowa imamwa koposa apo. Madziwo amafewetsa ulusi, n'kuyamba kutamuka mopitirira. Poliyesita imamwa osakwana galamu imodzi pa 100. Koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti nsalu yokha sinali ndi mlandu wonse. Zingwe zimene zinabwera ndi machilawo zinalinso za nayiloni, ndipo n'zimene zinatalika kwambiri. Malamba anga anali pomwe ndinawasiya.

Ndipo ngakhale machila ake akadapanda kutsika, akadazizidwabe. Ichi n'chimene ndinachiphonya pamene ndinkatanganidwa ndi machesi ndi manambala a ulusi. Bulangeti kapena thumba logonamo limafunditsa chifukwa cha mpweya umene limasunga m'kati mwake. Mukaligonera, mbali ya pansi imaphwatalala, mpweya uja n'kuthawa. Pa bedi zilibe kanthu chifukwa pansi pali matiresi. M'machila, pansi panu pali kansalu kopyapyala, kenako mphepo ikungodutsa usiku wonse, ikukuberani kutentha kumsana. Pamenepa nayiloni ndi poliyesita n'chimodzimodzi, palibe imene imafunditsa. Chimene chinandipulumutsa ine ndi kasiponji kaja. Anthu ozolowera amapachika chofunda china kunsi kwa machila, kunja, kumene thupi silingachipanikize. Ngakhale bulangeti wamba lomangidwa bwino m'makona anayi limathandiza.

Tinayanika zonse pa khonde la nyumbayo. Pofuna kufulumizitsa, ndinayandikiza machila anga ku moto wa panja umene alonda ankaphikirapo. Mbaliwali imodzi yokha inatera pa nsalu n'kuboola kabowo kozungulira ngati ka ndudu, mwakachetechete. Pa moto nsalu zonse ziwirizi n'zamantha mofanana. Sizipsa ngati thonje, zimasungunuka, ndipo zikasungunukira pakhungu zimakanirira. Machila azikhala kutali ndi moto, komanso kumbali kumene mphepo ikuchokera.

Ku Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse ya mamita 3,002, sitinafikeko. Mitambo sinachoke, ndipo ine mtima wokakamira unali utandithera. Tinakhala tsiku lina limodzi m'chigwa cha Chambe, tikuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa timitsinje, tikudya mbatata yootcha ndi chiponde, n'kugona m'nyumba pafupi ndi moto. Potsika pa njira ya Skyline nkhungu inang'ambika kwa kanthawi, dziko lonse la kumunsi n'kuonekera, minda, midzi, misewu yofiira, mpaka mapiri a Chiradzulu ndi Zomba. Mwanayo anaima nthawi yaitali. Kenako anati, "Amami tisakawauze zonse." Ndinamuuza kuti tikawauza zonse, ndipo ndiyamba ndine. Zimene ndinamva kunyumba madzulo amenewo sindizilemba pano.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yatha poliyesita itapambana. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka October, pamene tinapita banja lonse ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe. Kumeneko mdani si chisanu. Masana mchenga umaotcha mapazi, ndipo m'machila anga a nsalu ziwiri zothithikana ndinkatuluka thukuta ngati ndili m'thumba la feteleza. A nayiloni aja, a nsalu imodzi yopyapyala, ankalola kamphepo ka kunyanja kudutsa kumsana. Mphepo yomwe ija imene inatsala pang'ono kutipweteketsa ku Chambe, kuno inali dalitso. Mwanayo akangopita kukasambira, ine ndinkawaba.

Usiku zinatembenukanso. Tinapachika maneti onyikidwa m'mankhwala pa chingwe chodutsa pamwamba pa machila, koma a mwanayo neti inangofika m'mbali, osazungulira kunsi. M'mawa anali ndi mzere wa zotupa kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Udzudzu umaluma kudutsa nsalu imodzi yopyapyala ngati yakanirira pakhungu, ndipo m'machila msana wonse umakhala utakanirira. Ine wa nsalu ziwiri ndinadzuka wopanda chotupa. Masiku otsatira tinazunguliza neti mpaka kunsi n'kuimanga, ndipo titabwerera kunyumba tinakhala tcheru milungu ingapo, titagwirizana kuti thupi likangotentha, tsiku lomwelo akayezetse malungo. Mwamwayi silinatenthe.

Za dzuwa anandiphunzitsa ndi msodzi wina wachikulire amene ankasoka ukonde wake pansi pa mtengo pafupi nafe. Ataona machila obiriwira aja ali padzuwa tsiku lachiwiri, anaitana mwana wanga. "Mdzukulu, chotsa nsalu yakoyo. Ukonde wangawu sukutha ndi nsomba ayi, ukutha ndi dzuwa." Anatenga kachidutswa ka ukonde wakale wa nayiloni, woyezuka, n'kukadula ndi zala ngati ulusi wovunda. Kuwala kwa dzuwa kumaphwanya ulusi wa nayiloni msanga kuposa wa poliyesita, ndipo choipa n'chakuti nsaluyo imaoneka yabwinobwino mpaka tsiku limene idzakugwetseni. Mtundu ukayamba kuyezuka, kapena nsalu ikayamba kumveka youma ngati pepala, musaikhulupirirenso.

Anzanga a kuntchito amene anamva za maulendowa amandifunsa kuti agule iti. Ndimayamba ndawafunsa kuti akulemera bwanji, ndipo akagona kuti. Munthu wa thupi ngati langa, wa msana wodandaula, wopita kumalo a nkhungu ndi mame, kapena wofuna machila oti azingokhala pa mitengo ya pakhomo, ine ndimamuuza poliyesita, yosanjikiza, yosachepera mamita 3.3. Mnyamata wopepuka amene ayende mtunda wautali katundu ali kumsana, amene adzakokera nsaluyo pa miyala ndi paminga, nayiloni imuchitira bwino, ndipo adzagona mofewa kuposa ine. Koma zingwe zimene zimabwera nazo ataye, agule malamba a poliyesita, ndipo asakwere phiri lililonse wopanda choika kunsi kwa msana. Pamenepa pokha sindimva za wina.

Sabata yoti mwanayo azipita kusukulu, tinabwereranso kwa atelala aja. Anaika chigamba pa kabowo ka mbaliwali, akung'ung'udza kuti anthu ophunzira ndi amene amaotcha nsalu. Kenako mwanayo anatulutsa machila ake obiriwira n'kupempha kuti awasokere nsalu yachiwiri kunsi, asiyenso mpata wolowa mkono ngati wa adadi. Atelala anafunsa kuti nsalu yanji. Ine ndinatsegula pakamwa, koma iye anandiyambirira. Anati ikhale nayiloni yomweyo, chifukwa akasanjikiza yosatamuka pansi pa yotamuka, imodzi yokha ndi imene izisenza thupi lonse, ndipo msoko udzang'ambika. Atelala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Tinayenda misika iwiri tisanaipeze.

Anapita nawo kusukulu, ngakhale ndikukayika ngati amamulola kuwamanga. Tapangana kuti July akubwerayu tikayesenso Sapitwa, ndipo tikagona m'nyumba wotiperekeza akangonena. Anga ali pa mitengo ya mango ija kuseli kwa nyumba. Kungoti masiku ano ndikaweruka kuntchito ndimapeza muli kale akazi anga, atagona mopingasa bwinobwino, lichero la mtedza lili pamimba, akusenda. Amati ndidikire amalize.